Sienta yanga ikuvuta kulira m'mamawa: ndi oyilo kapena batire?

Wa pa Bembeke

Akuluakulu, ndithandizeni nzeru ndisanataye ndalama pachabe.

Ndili ndi Toyota Sienta ya 2008, injini ya 1NZ, ya otomatiki. Ndinaigula kwa bambo wina wa ku Lilongwe zaka zitatu zapitazo, ndipo pano yayenda makilomita 231,000. Ndimakhala cha pa Bembeke. Ntchito yanga ndi yonyamula anthu kuchoka pa Dedza boma kukafika pa Lizulu, nthawi zina mpaka ku Ntcheu. Tsiku la msika ndimadzuka cha m'ma 4 koloko, chifukwa amayi a kachewere ndi kabichi safuna kupeza malo abwino atatha.

Chilowereni June galimotoyi ikundichititsa manyazi. M'mamawa ndikapotokola kiyi, sitata imazungulira mwaulesi ngati munthu wogona ndi njala, "wuu... wuu... wuu", kenako ndiye ilire. Ikalira pamamveka kaphokoso ngati mukugwedeza timiyala m'chitini, masekondi awiri kapena atatu, kenako zii. Kanyale kofiira ka oyilo nakonso kakumachedwa kuzima kusiyana ndi kale. Lachiwiri lapitali inakaniratu. Ndinayesa kanayi, kachisanu inangoti "tetete" basi. Ya otomatiki simungaikankhe, ndiye ndinakhala ndi matumba a eni ake pakhomo mpaka 6 koloko, pamene mnzanga anabwera ndi nthambo n'kuijampa. Amayi aja mawu amene anandilankhula sindingawalembe pano.

Chodabwitsa n'chakuti dzuwa likangotuluka imalira kamodzi n'kamodzi, tsiku lonse osavutanso.

Chaka chatha nyengo ngati ino sinkatero. Chimene chasintha ndi chimodzi: mu April ndinapita ku sevisi kwa makaniko wina, iye ataona makilomita anati injini yakalamba, ikufunika oyilo wolemera, n'kuthira 20W-50. Kale lonse ndinkathira 5W-30 monga anandiuzira mwini wake woyamba. Batire ndi lomwe ndinaigula nalo, sindinasinthepo.

Mlamu wanga akuti ndi batire basi, oyilo ndi oyilo. Ine mtima ukukana. Kodi manambala a pa chigubuwa amatanthauza chiyani kwenikweni, ndipo oyilo angalepheretse galimoto kulira?

Dalaivala wa ya Nchalo

Achimwene, musamunamizire oyilo. Gulani batire.

Ine ndayendetsa Hiace ya petulo pa msewu wa Blantyre kupita ku Nchalo zaka khumi ndi zinayi, ndipo sindinathirepo china koma 20W-50. Kukwera zitunda za pa Thabwa mu October, anthu odzaza, matumba a chimanga kumbuyo, mukufuna oyilo amene ali ndi thupi. Timadzi tanu ta 5W-30 ndinayesapo kamodzi, sabata isanathe dipusitiki yoyezera oyilo inali itauma theka, kumbuyo kukufuka ngati tikuotcha makala. Oyilo ameneyo anapangira kwawo kwa azungu kogwa chipale. Kuno ndi ku Africa.

Ndimagona ku Chilobwe, ndipo chiperoni chikabwera nakonso kumazizira mpaka mano kuguguda, koma basi yanga imalira. Bwanji? Batire ndimasintha zaka ziwiri zilizonse, sindidikira kuti lindigoneke panjira. Inu zaka zitatu, kuphatikiza zimene linakhala kwa mwini wake woyamba, mukufunanso likuchitireni chiyani? Makaniko wanuyo sanalakwe.

Makaniko wa ku Biwi

Nonse awiri mwagwira mbali, koma a Nchalo pa nkhani ya oyilo mwaphonya, chifukwa Hiace yanu ndi Sienta ya mnzathuyu si injini zofanana. Ndiyambe ndi manambala, popeza ambiri ngakhale ife a m'magalaja timangowatchula osawadziwa.

Manambalawa amachokera ku muyezo wa bungwe la ku America la SAE, muyezowo amautcha J300. Pa chigubu pali manambala awiri chifukwa oyilo amamuyeza kawiri, ali wozizira ndi ali wotentha. W uja amaimira Winter, nyengo yachisanu. Nambala ya kutsogolo kwa W imanena za mmene oyiloyo amakhalira kukazizira kwambiri. Wa 20W amamuyeza pa madigiri 15 pansi pa ziro, wa 15W pa 20 pansi pa ziro, 10W pa 25, 5W pa 30, ndipo 0W pa 35 pansi pa ziro. Pamenepo amaona ngati sitata ingathe kuzunguza injini oyiloyo ali m'kati. Amamuyezanso kachiwiri atatsitsa madigiri ena asanu, kuti aone ngati pampu ingathe kumukoka. Nambala yachiwiri, 30 kapena 50 ija, ndi kulimba kwake pa madigiri 100, injini itatentha ili pa ntchito.

Mukaona zimenezi mutha kunena kuti ndiye a Nchalo akulondola, chifukwa pa Bembeke sipanafikepo 15 pansi pa ziro. N'zoona, ndipo n'chifukwa chake ndikunena kuti 20W-50 payekha sangakanikitse galimoto ya batire labwino kulira ku Dedza. Koma oyilo sadikira kuti kufike pansi pa ziro kuti ayambe kulimba. Inu a ku Dedza mukudziwa mmene mafuta ophikira amachitira m'botolo mu June, mpaka kuliika pafupi ndi mbaula kuti atuluke. Wa injini sagwirana choncho, koma amayenda njira yomweyo: kukamazizira iye akulimbirabe.

Tengani mapepala amene makampani a oyilo amalemba. Pa madigiri 100, 5W-30 amakhala cha m'ma 10 kapena 11 pa sikelo yawo, 20W-50 cha m'ma 18. Kusiyana kulipo koma si kwakukulu. Pa madigiri 40, 5W-30 ali cha m'ma 60, mnzakeyo wadutsa 150. Mukatsika kufika pa kuzizira kwa 4 koloko ya pa Bembeke, 20W-50 amakhala wolimba katatu kapena kanayi kuposa 5W-30. Onaninso ichi, chimene anthu ambiri chimawadabwitsa ndikawauza: ngakhale oyilo wopepuka uja wa 0W-20, m'mamawa injini isanalire amakhala wolimba kuposa mmene 20W-50 amakhalira injini itatentha. Ndiye kuti m'mawa palibe oyilo amene amachepa thupi. Onse amakhala olimba mopitirira, kusiyana kwake n'kwakuti wina wapitirira pang'ono, wina wapitirira kwambiri.

Tsono sitata yanu ikuyenera kuzunguza kirankishafuti ndi mapisitoni zonse zitamatidwa ndi phala lolimbalo. Imakoka magetsi ambiri. Pomwepo batire nalo kukazizira mphamvu zake zimatsika, chifukwa za m'kati mwake zimagwira ntchito pang'onopang'ono. Batire latsopano limapirira zonsezo inu osadziwa kanthu. Lokalamba limagonja. Chaka chatha lanulo linali lotopa kale, koma katundu anali wopepuka. Chaka chino lakalambirako ndipo mwalisenzetsa thumba lina.

Chimene chikundidetsa nkhawa ine si kuvuta kulira, koma timiyala ta m'chitini mwanenato. Injini ya 1NZ ili ndi VVT-i, ndiye kuti giya ya pa kamushafuti imasunthidwa ndi mphamvu ya oyilo, kudzera pa kavalavu kokhala ndi kasefa kakang'ono ngati kosefera tiyi. Tcheni cha taimingi nachonso chimakungidwa ndi oyilo yemweyo. Usiku oyilo amatsikira pansi. M'mawa pampu iyenera kumukweza kudutsa m'timipata ting'onoting'ono mpaka pamwamba, ndipo akakhala wolimba amachedwa kufika. Masekondi amene mukumva phokosowo zitsulo zikugundana zisanalandire oyilo wokwanira, ndipo kanyale kochedwa kuzimako kakukuuzani zomwezo. Tsiku limodzi si kanthu. Koma m'mawa uliwonse, June ndi July yense, injini ikudyeka.

Buku la galimotoyi la ku Japan limatchula 0W-20, 5W-20, 5W-30 ndi 10W-30. Mulibemo 20W-50.

A Nchalo, za kutentha kwa kuno. Injini yabwinobwino kutentha kwake kumalamulidwa ndi thermostat, kavalavu kotsegulira madzi oziziritsa injini, ndi fani, osati ndi dzuwa la ku Chikwawa. Thermostat ya 1NZ imatseguka madzi akafika cha m'ma 82, kaya muli ku Nsanje kaya ku Nyika. Ku Japan komweko miyezi ya July ndi August kumatentha kupitirira madigiri 30, magalimoto ali pa mzere mu Tokyo, oyilo wake yemweyu. Zoti ife timakonda kuchotsa thermostat n'kuitaya, ati kuno n'kotentha, imeneyo ndi nkhani ina imene imandipweteka mutu, chifukwa injini yotero imachedwa kutentha ndipo oyilo amakhala wolimba mtunda wautali. Achimwene a pa Bembeke, funsani ngati yanu ikadalimo.

Musanagule kanthu, pezani mita yoyezera magetsi. M'mamawa musanalize, batire lodzaza lisonyeze cha pa 12.6V. Likakhala pa 12.2V ndiye kuti lili theka. Wina apotokole kiyi inu mukuyang'ana: likagwa pansi pa 9.6V latha ntchito. Injini ikalira muone pakati pa 13.8V ndi 14.4V, kusonyeza kuti alternator ikutchaja. Muonenso mitu ya batire ngati yamera ufa woyera uja.

Mayi wa ku Edmonton

Nkhaniyi yandiseketsa chifukwa kwathu ndi ku Dedza konko, cha kwa Kasumbu, ndipo ndisanabwere ku Canada ndinkalumbira kuti palibe malo ozizira kuposa kwathu. Kuno mu January kumafika madigiri 30 pansi pa ziro, masiku ena kupitirira. Mukatuluka panja tsitsi la m'mphuno limauma gwa.

Kuno ndiye W ujayo si nkhani yokambirana. Corolla yanga imamwa 0W-20 chaka chonse. Oyilo wa 20W-50 m'sitolo alimo, koma amagula ndi a njinga zamoto ndi okonda magalimoto amakedzana amene amawatulutsa nthawi yotentha yokha. Magalimoto ambiri kuno ali ndi kachingwe ka magetsi kolendewera kutsogolo kwa boneti. Nditangofika ndinkaganiza kuti onse ndi magalimoto oyendera magetsi. Ayi, ndi kahita kamene kali m'thupi la injini. Usiku timalumikiza ku soketi ya pakhoma, ngakhale malo ambiri oimikapo magalimoto ku ntchito ali ndi masoketi ake, kuti injini isazizire kwambiri.

Tsiku lina ndinachokera ku ntchito ya usiku nditatopa, ndinaiwala kulumikiza. Kutacha galimoto inalira ndithu, koma movutika, ndipo kulira kwake kunali ngati ikudandaula. Bambo a kunyumba anali ndi kachigubu ka 10W-30 kotsala m'buti ya galimoto yawo. Anakatenga kuti andionetse, atapendeketsa oyiloyo ankatuluka ngati uchi wa m'mphika wozizira, kuchita kukoka ulusi. Anati taganiza pampu ikukoka zimenezi.

Achimwene, ngati mukufuna kudzionera nokha, thirani 20W-50 pang'ono m'kabotolo, 5W-30 m'kabotolo kena, mupemphe wa golosale amene ali ndi firiji youmitsa nyama akusungireni usiku umodzi. Mafiriji amenewo amafika cha pa 18 pansi pa ziro. M'mawa mupendeketse mabotolo onse awiri pamodzi, mlamu wanu ali pomwepo.

Komabe ndigwirizane ndi a Biwi. Kuzizira kwa kwathu n'kwa ana poyerekeza ndi kuno. Galimoto ikakaniratu pa Bembeke mpaka "tetete", batire lili ndi mlandu. Kuno timaona chaka chilichonse: usiku woyamba wozizira kwambiri, m'mawa mwake magalimoto ojampa anzawo amakhala ali kalikiliki m'misewu yonse, ndipo ambiri mwa ofawo ndi a mabatire a zaka zinayi kapena zisanu.

Kachewere wa pa Lizulu ndamusowa, wa kuno ndi wamkulu koma sakoma.

Wa pa Bembeke

Zikomo nonse. A Biwi, ndamva, koma mantha anga ndi amene anena a Nchalo aja. Makilomita 231,000 si masewera. Ndikabwerera ku 5W-30 siyamba kumwa oyilo ndi kufuka? Komanso ena pa siteji akuti injini ikazolowera oyilo wolemera simungaibwezenso ku wopepuka, imagogoda. Ndipo m'mawa ndiziisiya ikulira mphindi zingati ndisananyamuke? Pano ndimaisiya mphindi 15 ndikumwa tiyi, koma petulo wake mukumudziwa mmene alili.

Makaniko wa ku Biwi

Injini si mwana woti azolowere phala. Za pa sitejizo zisiyeni. Mukhoza kubwerera ku 5W-30 lero lomwe, bola mukhetse yense wakaleyo injini ili yotentha ndipo musinthe fyuluta.

Ndikufunseni: musanapite ku sevisi ya mu April, inkamwa oyilo? Inkafuka utsi wabuluu? Kanyale kofiira kankaphethira injini ikatentha muli chiimire? Ngati yankho ndi ayi, panalibe matenda oti achizidwe ndi oyilo wolemera. Makilomita paokha si matenda. Ndatsegulapo ma 1NZ opitirira 300,000 ali oyera m'kati chifukwa eni ake ankasintha oyilo pa nthawi yake, ndaonanso ena a 120,000 odzaza ndi matope akuda ngati phula. Basi ya a Nchalo imamwa 5W-30 chifukwa maring'i ndi masilo a mavalavu anatha, ndipo oyilo wolemera akungobisa zimenezo. Kwa injini yotero sindingawaletse, ndi njira yokankhira masiku mpaka adzaitsegule. Yanu sinafike pamenepo.

Thirani malita 3.7 mukasintha ndi fyuluta yomwe, osati chigubu chonse cha malita 4 kapena 5 ati kuti ikhute. Kenako muziona dipusitiki sabata iliyonse galimoto ili pamalo athyathyathya, muzilemba. Mukaona kuti ikumwa kwambiri, kwerani pang'ono pa nambala yachiwiri yokha, mupite ku 5W-40. Mwatero mwapeza thupi injini ikatentha, koma m'mawa oyilo akuyendabe msanga. Akasowa ameneyo, 10W-40 ndi wabwinoko kusiyana ndi amene muli nayeyu.

Pa fyuluta musaumire. Yabwino imakhala ndi kavalavu ka labala koletsa oyilo kubwerera pansi injini ikazima. Zotchipa zina kalabalako kamauma msanga, usiku fyuluta imakhuthuka yonse, m'mawa pampu iyambe yadzaza kaye fyuluta isanatumize oyilo kumwamba. Phokoso lake ndi lomwelo la timiyala. Oyilonso mugule wa m'chigubu chomata bwino, cholembedwa API SN kapena SP, osati wopungulidwa m'mabotolo a madzi akumwa, amene simudziwa kuti wachokera mu diramu yanji.

Mphindi 15 zija mukungowotcha petulo. Lizani, dikirani kanyale kazime, theka la mphindi kapena mphindi imodzi yakwana, nyamukani pang'onopang'ono osaponda kwambiri mpaka kanyale kosonyeza kuti injini ndi yozizira kazime pa dashibodi. Injini imatentha msanga ikamayenda kusiyana ndi itaima. Chimene ndimadana nacho ndi chija amachita anyamata pa siteji, kungoliza n'kuponda moto "vuuu vuuu" ati aitenthetse. Pamenepo oyilo asanafike n'komwe kumwamba.

Ikakana kulira musaumirize sitata kupitirira masekondi khumi. Ipumitseni kaye, ingapse.

Wa pa Bembeke

Ndabweranso patatha masabata atatu kuti ndikuuzeni mmene zayendera.

Mita ndinabwereka kwa mnyamata wokonza masola. M'mamawa batire linasonyeza 12.1V, ndipo mkazi wanga atapotokola kiyi linagwa mpaka 8.8V. Injini italira inafika 14.1V, ndiye alternator ilibe mlandu. Mutu umodzi wa batire unali ndi ufa woyera wambiri, ndinautsuka ndi madzi otentha ndi soda n'kumanga bwino. Thermostat ilimo.

Ndalama ya zonse pakamodzi panalibe, choncho ndinayamba ndi oyilo ndi fyuluta, batire lomwelo. Zimenezi zinandithandiza kuona chimene chikuchita chiyani. Kutacha sitata inazungulira mwachangu ndithu, moti ngakhale mkazi wanga ali m'nyumba anamva kusiyana. Kanyale kofiira kanazima nthawi yomweyo. Timiyala tija tatsala kamodzi kokha, "kr", osakwana sekondi. Ndinayenda choncho masiku asanu ndi anayi, ndinayamba kudzitama kuti mlamu wagwa nayo.

Kenako tsiku lina kunagwa chisanu choyeretsa udzu kudambo, ndipo galimoto inali itagona masiku awiri osayenda chifukwa ndinali ku maliro. Inazungulira kawiri, kachitatu "tetete". Mlamu anaseka mpaka kukhala pansi. Ndinakongola ndalama ku banki m'khonde ya mayi a kunyumba n'kukagula batire ku Lilongwe. Kuyambira pamenepo ikulira kamodzi, ngakhale 4 koloko.

Za kumwa oyilo: ndayenda makilomita 1,900 chisinthireni, dipusitiki yatsika pang'ono, mwina kotala ya pakati pa timadontho tiwiri tija. Utsi palibe. Ndipitiriza kulemba monga mwanenera a Biwi, ikadzafika October tidzaone ngati zisinthe.

Zoyesa mufiriji sindinachite, mayi a ku Edmonton, wagolosale anakana kuti oyilo agone pamodzi ndi nkhuku zake.

A Nchalo, ndatsala ndi lita imodzi ya 20W-50 yosatsegula. Mukadzadutsa pa Bembeke popita ku Lilongwe mudzaimbe huta.

Dalaivala wa ya Nchalo

Ndiye batire munagula, si choncho? Ine ndinanena tsiku loyamba lomwe. Litayo ndisungireni, ndikubwera ku ukwati ku Kawale mwezi wa mawa.